Lamulo lili ku Lusaka, wolumala ali ku Feira

Munthu wochokera ku Lusaka akatsala pang'ono kuoloka mlatho wa Luangwa, paja amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, amasiya msewu waukulu wa Great East Road nakhotera kudzanja lamanja. Kuchokera pamenepo ulendo ndi wa makilomita pafupifupi 90, kutsata mtsinje wa Luangwa mpaka kumene umathira m'Zambezi. Pamathiriro pamenepo ndi pamene pali Boma la Luangwa, limene achikulire amalitchulabe kuti Feira, dzina la Chipwitikizi lotanthauza msika. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe.

Dera limeneli ndi lokongola, komanso ndi louma ndi lotentha kwambiri. Anthu a Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a Mfumu Mphuka amadalira usodzi, kuluka mphasa ndi kulima m'madimba. Kwa munthu wamphamvu zake, ulendo wa makilomita oposa 300 wopita ku likulu la dziko ndi wotopetsa ndiponso wodya ndalama. Nanga kwa munthu woyendera ndodo, wosaona kapena wosamva? Mwezi uno tifuna tione zimene maofesi a boma, khonsolo, masukulu ndi zipatala angachite kuti munthu wolumala wa ku Feira akhale nzika yofanana ndi wina aliyense.

Chilema chichita kudza

Makolo anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. M'chigwa cha Luangwa mwambi uwu susowa womasulira. Tiyerekeze msodzi wina, bambo wa ana asanu, amene wapita kukaonjola ukonde m'bandakucha ndipo ng'ona yamugwira mwendo. Anzake amulanditsa nathamanga naye ku chipatala cha mishoni cha Katondwe, kumene kwa zaka zambiri akhala akuthandiza anthu ovulazidwa ndi ng'ona, mvuu ndi njovu. Moyo wapulumuka, koma mwendo wadulidwa.

Tsiku lotuluka m'chipatala ndi pamene mavuto ena amayamba. Sangathenso kupalasa bwato monga kale. Akufuna ndodo zoyendera, ndipo kenaka mwendo wochita kupanga, umene ayenera kukayezetsa kutali. Akufuna chikalata cha dokotala chotsimikiza za kulumala kwake kuti alembedwe pa thandizo la boma. Ana ake akufuna makope ndi yunifolomu. Pa zonsezi pali ofesi imene ayenera kufikako, pepala limene ayenera kusaina ndi khomo limene ayenera kulowa. Ngati ofesiyo ili kutali, ngati khomolo lili pamwamba pa masitepe, ngati wogwira ntchito amuuza kuti abwerenso mawa, bamboyu adzasanduka wopemphapempha, chonsecho manja ndi nzeru ali nazo.

Si ng'ona yokha imene imalumaza anthu. Pali malungo okwera kumutu amene amasiya mwana wosamva kapena wofooka ziwalo, pali kubadwa movutikira, khunyu, ng'ala ya m'maso mwa okalamba, matenda ofa ziwalo ndi ngozi za pamsewu. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2015 anapeza kuti mu Zambia akuluakulu 10.9 peresenti ndi ana 4.4 peresenti ali ndi ulumali wina wake, ndipo kuphatikiza onse ndi anthu 7.7 peresenti. Kalembera wa 2010 anawerenga anthu oposa 24,000 m'boma la Luangwa, ndipo anthu achuluka kuchokera nthawi imeneyo. Tikayerekeza potengera kafukufuku uja, ndiye kuti tikunena za anthu okwana ngati 2,000 m'boma limodzi lokhali. Amenewa ndi abale athu, ndipo mawa akhoza kukhala ife.

Zimene malamulo akunena

Dziko la Zambia silisowa malamulo pa nkhaniyi. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe la Zambia Council for the Handicapped. Maganizo a masiku amenewo anali akuti wolumala ndi munthu womumvera chisoni, womusungira malo akeake. Mu 1996 kunabwera lamulo lina limene linakhazikitsa Zambia Agency for Persons with Disabilities, imene ambiri amangoti ZAPD. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo Zambia inalowa kwathunthu m'panganoli mu 2010. Pofuna kuti panganolo ligwire ntchito kuno kwathu, Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo nambala 6 la 2012, lotchedwa Persons with Disabilities Act. Mu 2019 kunabweranso lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda lokhala ndi mawu onyoza odwala.

Mutu wa lamulo la 2012 ndi uwu: wolumala ali ndi ufulu wa maphunziro, chithandizo cha kuchipatala, ntchito, chilungamo m'makhoti ndi kutenga mbali m'ndale, ndipo kumusala kaamba ka ulumali wake ndi kulakwira lamulo. Nyumba zotumikiramo anthu ziyenera kukhala zoti iye angathe kulowamo, ndipo ZAPD ili ndi mphamvu yolamula mwini nyumba kuti akonze pamene pakutsekereza olumala. Motero nkhani ya olumala si ya ofesi ya zachisamaliro cha anthu yokha ayi. Ndi ya mphunzitsi wamkulu, ya namwino, ya wapolisi, ya womanga misika ndi ya khansala.

Mlandu umene unatsegula maso

Kuti lamulo limaluma ndithu, zinaoneka mu 2011. Mayi Sela Brotherton, m'malo mwa chigwirizano cha mabungwe a anthu olumala cha ZAFOD, anasumira bungwe loyendetsa zisankho la Electoral Commission of Zambia ku Khoti Lalikulu. Dandaulo lawo linali lakuti malo ambiri olembetsera ndi oponyera mavoti anali osafikirika kwa oyenda pa njinga za olumala, ndiponso kuti osaona sankatha kuvota mwachinsinsi pa zisankho zonse. Khoti linagamula kuti olumala anasalidwadi. Silinaimitse chisankho cha chaka chimenecho, koma linalamula bungwelo kuti likonze zinthu pa zisankho zam'tsogolo.

Phunziro la mlanduwu ndi lalikulu. Palibe amene anaima pakhomo ndi chikwapu kuthamangitsa olumala. Cholakwa chinali chakuti pokonza dongosolo sanawaganizire. Ofesi ya boma ikhoza kusala munthu popanda mawu oipa ngakhale amodzi, pongoiwala kuti munthuyo aliko. Tsono ngati kuiwala ndiko gwero la vutoli, mankhwala ake ayenera kuyambira pa kukumbukira.

Choyamba ndi kuwadziwa

Boma silingatumikire munthu amene silimudziwa. ZAPD imalembetsa anthu olumala ndi kuwapatsa chitupa, ndipo kuti munthu alembedwe pamafunika umboni wa achipatala. Koma taganizani za mayi wa kumudzi wakutali amene ali ndi mwana wa zaka 12 wosatha kuyenda. Kuti afike naye ku chipatala, kenaka ku Boma, ayenera kumubereka kapena kulipira njinga yamoto kawiri konse. Ambiri amangogwa ulesi, ndipo mwanayo sapezeka m'buku lililonse.

Njira yake ndi yodziwika, chifukwa boma limaigwiritsa kale ntchito pa zinthu zina. Pa katemera wa ana, anamwino amapita kumidzi. Pa kalembera wa mavoti, olemba amamanga msasa pa sukulu. Chomwechonso sing'anga wa kuchipatala, wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi wolemba zitupa akhoza kuyenda pa galimoto imodzi, tsiku lodziwika, kukakumana ndi anthu pa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Mafumu ndi anyakwawa akhoza kulengeza tsikulo ndi kulimbikitsa mabanja amene amabisa ana m'nyumba chifukwa cha manyazi kapena kuopa kunenedwa za ufiti.

Kulembedwa kuli ndi phindu looneka. Ndondomeko ya Social Cash Transfer, imene inayamba moyesera ku Kalomo mu 2003, imapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, ndipo banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limalandira zochulukirapo. Mu 2022 mabanja ena ankalandira K200 pamwezi pamene mabanja oterewa ankalandira K400. Ndalamazi n'zochepa, koma m'chaka cha chilala monga cha 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala, zimasiyanitsa kugona ndi njala ndi kudya. Pa nthawi yogawa chimanga cha thandizo, amene akhala pa mndandanda ndi amene amakumbukiridwa. Ogawa ayeneranso kudzifunsa kuti nkhalamba yosaona idzaima bwanji pamzere padzuwa la ku Feira, ndipo thumba lake adzasenza ndani.

Makomo, zimbudzi ndi mijigo

Chachiwiri ndi zomangamanga. Khonsolo ndiyo imavomereza mapulani a nyumba ndipo ndiyo imayang'anira zomanga zambiri za m'boma. Njira yotsetsereka yolowera pa njinga ya olumala, khomo lotakata ndi chimbudzi chokhala ndi chitsulo chogwirira sizidya ndalama zambiri zikaikidwa pa pulani nyumba isanamangidwe. Zimadula pamene nyumba yatha, chifukwa pamafunika kugumula. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Komabe pali njira zotsetsereka zina zimene zimangomangidwa pofuna kukondweretsa oyendera ntchito. Zimakhala zoimirira ngati phiri, kapena zimathera pa mchenga kapena pa ngalande. N'chifukwa chake khonsolo isanalipire kontirakitala ndalama zomaliza, ndi bwino kuitana munthu woyenda pa njinga ya olumala kuti ayese yekha kulowa, kutembenuka ndi kutuluka. Iyeyo adzaona m'mphindi zisanu zimene injiniya sanazione.

Madzi ndi nkhani ina. M'boma la Luangwa, mjigo ukakhala kutali kapena ukaonongeka, anthu amabwerera kumtsinje kumene kuli ng'ona. Mjigo wapafupi, wokhala ndi poponda posalala, umathandiza wolumala kutunga yekha madzi, ndipo nthawi yomweyo umateteza ena kuti asalumale.

Mwana wolumala ndi sukulu

Sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko muno inayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905, ndipo anaiyambitsa ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed. Kwa zaka zambiri maphunziro a ana olumala anali m'manja mwa mipingo. Ndondomeko ya maphunziro ya 1996 inanena kuti, pamene n'kotheka, ana amenewa aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Kuyambira mu January 2022 boma linachotsa malipiro m'masukulu ake mpaka kumapeto kwa sekondale.

Koma kuchotsa fizi sikufupikitsa mtunda. Mwana wokwawa sangayende makilomita asanu kudutsa m'tchire lopita njovu. Mwana wosamva akhoza kukhala m'kalasi chaka chonse osatolapo kanthu ngati mphunzitsi sadziwa chinenero cha manja. Apa ofesi ya maphunziro ya m'boma ili ndi zochita zingapo. Ikhoza kupempha aphunzitsi ophunzitsidwa pa koleji ya ZAMISE ku Lusaka, imene imasula aphunzitsi a ana olumala, ndi kuwaika pamene pali ana owafuna, osati pamene pali nyumba yabwino. Ikhoza kuonetsetsa kuti ana osaona ali ndi mabuku a zilembo za Braille, ndiponso kuti alembetsedwa msanga kuti mayeso awo adzabwere m'njira yowayenera. Zina sizifuna ndalama n'komwe: kukhazika kutsogolo mwana wosaona bwino kapena wachialubino, kusamutsira kalasi m'chipinda chosavuta kulowa, ndi kuletsa mayina achipongwe pabwalo la sukulu.

Kuchipatala

Ulumali wambiri umachepa ukapezeka msanga. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika akhoza kuongoledwa akadali khanda, ndipo ku Lusaka kuli zipatala monga Beit CURE zimene zimagwira ntchito imeneyi pa ana. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, gogo n'kuyambanso kuona adzukulu ake. Khunyu imagonja ndi mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, koma mankhwalawo akasowa pa chipatala chaching'ono, wodwala amagwera pamoto kapena m'madzi.

Chofunika kwa oyang'anira zaumoyo m'boma ndi kulumikiza mudzi ndi zipatala zimenezi: namwino wa sikelo adziwe zizindikiro, kalata yotumizira wodwala ilembedwe msanga, ndipo papezeke njira yothandizira banja losauka pa ulendo. Ndodo, njinga ndi miyendo yochita kupanga zimatha ndi kuthyoka, makamaka m'njira za miyala ndi mchenga. Kugawa njinga pa mwambo wa pa 3 December, tsiku lokumbukira anthu olumala pa dziko lonse, ndi chinthu chabwino, koma pafunikanso mmisiri wapafupi wodziwa kuzikonza. Ndipo mayi wosamva akabwera ku sikelo ya amayi oyembekezera, ayenera kulandira ulemu ndi chinsinsi monga mayi wina aliyense, osati kufunsidwa kuti mimbayo waitengeranji.

Ndalama zilipo, funso ndi la mpando

Kale yankho la ofesi iliyonse linali lakuti ndalama kulibe, tidikire ku Lusaka. Yankho limeneli linachepa mphamvu mu 2022, pamene thumba la chitukuko cha dera la phungu, la CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pachaka, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Dera la phungu wa Feira limalandira gawo lake monga madera ena onse. Ndalamazi zimamanga makalasi, zipatala zazing'ono ndi mijigo, zimalipirira ana kusukulu zogonera komweko ndi kumaphunziro a ntchito zamanja, ndiponso zimapereka mpamba kwa magulu.

Maganizo a zoti zichitike amayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi, kenaka amapita ku komiti ya CDF ndi ku khonsolo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ngati msonkhano wa wodi uchitikira kutali, ngati uthenga wake walembedwa papepala lokha limene wosaona sangawerenge, ngati palibe womasulira wosamva, ndiye kuti zosowa za olumala sizidzalowa m'mndandanda, ngakhale anthu a m'komiti akhale amtima wabwino chotani. Amene amadziwa pamene nsapato ikuluma ndi amene waivala.

Motero khonsolo ndi makhansala achite zinthu zitatu. Aonetsetse kuti m'komiti iliyonse muli munthu wolumala wosankhidwa ndi anzake, wolankhula ndi kuvota, osati wongoonetsedwa kwa alendo. Athandize magulu a olumala kulembetsa ndi kudzaza mafomu, chifukwa mafomu ovuta amagwetsa anthu ambiri amene sanapite patali ndi sukulu. Ndipo kumapeto kwa chaka alengeze poyera kuti mwa ana olipiriridwa sukulu ndi mwa magulu olandira mpamba, olumala anali angati. Chiwerengero chikalengezedwa pamaso pa anthu, chaka chotsatira palibe amene angaiwale.

Boma ndilonso bwana wamkulu wolemba anthu ntchito m'maboma akumidzi. Kalaliki woyendera ndodo pa ofesi ya khonsolo, kapena mphunzitsi wosaona patsogolo pa kalasi, amaphunzitsa mudzi wonse koposa misonkhano khumi. Achikulire akukumbukira a Lazarus Tembo, woimba wosaona amene anafika pokhala nduna yaing'ono m'boma la a Kenneth Kaunda. Luso lotere lilipo ndithu m'midzi ya m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi, likungodikira khomo lotseguka.

Nanga ife titani?

Awerengi okondedwa, maofesi a boma sayenda okha. Ogwira ntchito m'menemo ndi ana athu, ndipo makhansala timawasankha ndife. Ambiri mwa inu muli m'makomiti a sukulu, a zaumoyo, a mijigo ndi a chitukuko. Msonkhano wotsatira ukaitanidwa, pitani, ndipo musapite nokha. Tengani mnansi wanu wolumala, mumuthandize pa ulendo, koma mumusiye alankhule yekha. Funsani kuti olumala a m'wodi yanu ndi angati ndipo analembedwa liti. Funsani ngati kalasi yatsopano ili ndi polowera njinga ya olumala. Funsani kuti ndani akuimira olumala pogawa ndalama.

Tisaiwalenso kuyang'ana pakhomo pathu. Chipatala cha Katondwe ndi masukulu a mishoni amatumikira anthu mogwirizana ndi boma, choncho zimene tikupempha kwa khonsolo zikutikhudza ifenso. Tchalitchi chathu chili ndi masitepe angati? M'bungwe la parishi muli wolumala? M'mphakati mwathu, kodi tikudziwa nyumba imene muli mwana amene sanatulukepo kupita kusukulu?

Msodzi uja tinamuyerekeza poyamba safuna zambiri. Akapeza chitupa chake osayenda maulendo anayi, mwendo womuyenera, mpamba woyambira malonda a nsomba kapena kusoka maukonde, ndi mpando pa msonkhano wa wodi, adzadyetsa yekha ana ake asanu ndipo adzalipira msonkho wa pamsika monga wina aliyense. Lamulo lomulonjeza zimenezi linalembedwa kale mu 2012. Chatsala ndi chakuti litsike pa mlatho wa Luangwa, liyende makilomita 90 aja, lifike pakhomo pake.